Buluku ndi Chitenje: Mbiri ya Zovala za Ntchito za Amayi ku Chipata

Omvera athu, aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'phunziro la mbiri yakale la lero tikamba za zovala. Tifuna kuona m'mene buluku, jekete, ovololo ndi jombo, zimene poyamba zinali kutchedwa zovala za amuna, zinayambira kuvalidwa ndi amayi a ku Chipata ndi midzi yozungulira. Tidzaona kuti chimene chinatsegula njira imeneyi makamaka ndi ntchito, ndiponso kuti nkhaniyi inakula mpaka inalowa m'malamulo a boma.

Makolo athu Achewa, Ansenga ndi Angoni a Mpezeni anali kuvala nyanda zopangidwa ndi makungwa a mitengo, zikopa za nyama, ndi nsalu zochepa zobwera ndi amalonda. Mwamuna ndi mkazi yemwe anali kumanga m'chiuno kapena kufunda, ndipo buluku sanali kudziwika konse. Zinthu zinasintha Angoni atagonjetsedwa mu 1898, pamene azungu anakhazikitsa boma la Fort Jameson, limene tsopano ndi Chipata. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Magwero mu 1899, anaphunzitsa atsikana kusoka madiresi, pamene anyamata anazolowera kabudula ndi malaya. Motero lamulo lakuti buluku ndi wa mwamuna ndipo diresi ndi la mkazi linadza ndi alendo, amene anali kutsata mwambo wa kwawo.

Msonkho unatulutsa amuna m'midzi, ena kunka ku minda ya fodya ya azungu, ena ku Salisbury, ku Wankie ndi ku migodi ya Joni. Pobwerera anali kudza ndi jekete, chikhoti ndi chipewa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mayi wopita kudimba m'bandakucha kapena wokagona pamaliro anali kutenga jekete la mwamuna wake ndi kulivala pamwamba pa nsalu. Palibe amene anaona cholakwa, popeza mphepo sisankha. 

Buluku anavuta koposa, ngakhale kwa azungu eni ake. Mu 1873, ku San Francisco, Levi Strauss ndi Jacob Davis analembetsa ku boma buluku wolimba wa anthu a ntchito za manja, amene tsopano timamutcha jinzi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, akazi a ku Britain analowa m'mafakitale m'malo mwa amuna amene anapita kukamenya nkhondo, ndipo ambiri anavala ovololo chifukwa diresi lalitali linali kukodwa m'makina. Kampani ya Levi inatulutsa jinzi ya akazi mu 1934, ndipo mu 1966 Yves Saint Laurent wa ku Paris anasokera akazi suti ya buluku yonga ya amuna. Apa tiona kuti ntchito inatsogola, fashoni inatsatira pambuyo.

Ku Zambia zinayendanso chimodzimodzi titalandira ufulu mu 1964. Boma linakhazikitsa Zambia National Service mu 1971, ndipo kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1970 onse otsiriza Fomu 5, anyamata ndi atsikana omwe, anayenera kupita kukaphunzira usilikali ndi ulimi. Lamulo lokakamizali linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma linasiya chizindikiro. Makolo anaona ana awo aakazi atavala yunifomu ya usilikali ndi jombo, ndipo kunali kovuta kunena kuti chovala chopatsidwa ndi boma ndi cha mwano.

Koma kutsidya kwa malire a Mwami zinthu zinali zina. Mu 1973 boma la Dr H. Kamuzu Banda ku Malawi linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act, loletsa akazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo pagulu. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, amalankhula chinenero chimodzi ndipo amakwatirana. Komabe mkazi woyenda momasuka ndi buluku m'tawuni ya Chipata anali kusanduka wolakwira lamulo akangofika ku Mchinji. Lamuloli linachotsedwa mu 1993, chaka chimene Amalawi anavomereza zipani zambiri. Maganizo a anthu ena sanasinthe msanga: mu Januwale 2012 akazi ovala mabuluku anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, pamodzi ndi Mayi Joyce Banda, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti.

Chimene chinafalitsa buluku kufikira kumidzi ndi salaula, amene ku Malawi amati kaunjika. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zovala zatsopano zinadula kwambiri, ndipo malonda a zovala zakale zochokera ku Ulaya ndi ku America anakula, makamaka malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991. M'misika monga wa Kapata, mayi wochita geni anatha kugula jinzi yotsika mtengo, yoyenera kupalasira njinga ndi kunyamulira katundu.

Chitenje sichinataye malo ake. Mayi yemweyo akamapita kwa apongozi, kumaliro, ku Nc'wala ku Mtenguleni kapena ku Kulamba ku Mkaika, amamanga chitenje pamwamba pa buluku, ndipo ulemu umasungika popanda kusiya chovala cha ntchito.

Ana a sukulu, mukafika kunyumba mufunse agogo anu aakazi chaka chimene anayamba kuona mkazi atavala buluku, ntchito imene mkaziyo anali kugwira, ndi zimene anthu a m'mudzi ananena. Mulembe mayankho awo, ndipo mukakambirane ndi aphunzitsi anu m'kalasi.