Woweruza pa Bawo ndi pa Tebulo la Pool ku Dowa ndi Ntchisi

Masewero a pool, amene lero amapezeka m'zisakasa ndi m'malo omwera mowa ku Mponela, Madisi, Malomo ndi pa maboma a Dowa ndi Ntchisi, anapeza anthu a m'mapiri amenewa ali kale ndi mwambo wawo wopikisana pagulu. Masewero a bawo, a maenje 32 m'mizere inayi ndi nkhomo 64, anachokera kugombe la Aswahili ndipo anafalikira kuno kudzera mwa amalonda a Chiyao ndi Chiswahili, monga anthu a Jumbe amene anakhazikika ku Nkhotakota, kunsi kwa mapiri a Ntchisi, m'zaka za m'ma 1840. Pofika 1913, mlembi wina dzina lake Meredith Sanderson anali atalemba kale za bawo pamodzi ndi nsolo ndi ntchuwa. Pa bawo la pamudzi sipakhala woimbira, chifukwa oonerera onse amatsatira dzanja la wosewera pamene akugawa nkhomo, kotero kuti wodumpha dzenje amadzudzulidwa ndi gulu nthawi yomweyo, ndipo mawu a wamkulu amathetsa mkangano.

Pool anabwera ndi chikhalidwe china. Mtundu wofala m'Malawi ndi wa ku Britain, umene unakula m'malo omwera mowa m'zaka za m'ma 1970, wa mipira isanu ndi iwiri mbali iliyonse, mpira wakuda wotsekera masewero, ndi mpira woyera womenyera ina. Tebulo lake limatulutsa mipira munthu akaponyamo ndalama yachitsulo kapena tokeni, ndipo mpira woyera ndi wocheperako pang'ono kuti ukagwa m'bowo ubwerere wokha kwa osewera, pamene inayo imatsekeredwa m'kati. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, ndalama zinayamba kuzungulira kwambiri pa malo a malonda a m'maboma awiriwa, ndipo tebulo la pool linakhala bizinesi yopepuka kwa mwini golosale kapena bala, makamaka m'miyezi yogulitsa fodya.

Chimene chinavuta ndi malamulo. Faulo, kutanthauza kulakwitsa monga kugwetsa mpira woyera kapena kuyamba kukhudza mpira wa mnzako, imapatsa mnzakoyo mwayi wowonjezera, koma kukula kwa mwayiwo kumasiyana, popeza ngakhale mabungwe a dziko lonse, World Pool-Billiard Association la mu 1987 ndi World Eightball Pool Federation la mu 1992, akhala ndi malamulo osafanana. Choncho tebulo lililonse linakhazikitsa chizolowezi chake, ndipo mlendo wochokera ku Madisi amayenera kufunsa kaye asanagwire ndodo ku Malomo. Njira ya pa bawo, yoti gulu liweruze, imakwanira anthu akamasewera mocheza, koma imalephera pakakhala kubetcherana, chifukwa oonerera nawonso amakhala ndi mbali, ndiponso mipira ikagundana sibwerezedwa monga momwe nkhomo zingawerengedwenso.

N'chifukwa chake mpikisano weniweni, kaya wa ligi, m'mene matimu amasonkhanitsa mapointi kwa nyengo yonse, kaya wa chikho, m'mene wogonja amatuluka, umafuna woimbira amene mbali zonse zamuvomereza masewero asanayambe. Ntchito yake, imene ikuyenera ulemu woposa umene imapatsidwa, ndi kuyala mipira, kulengeza faulo, ndi kuima pamalo pamene angaone bwino mpira umene wayamba kukhudzidwa.