Za Cikho Cimene Zambia Inatenga ku Libreville

Pa 27 April 1993 ndege yonyamula anyamata a mpira a dziko la Zambia inanyamuka mumzinda wa Libreville, m'dziko la Gabon, kulinga ku Senegal. Isanapite patali inagwera m'nyanja, ndipo anthu onse 30 amene anali m'katimo anafa. Mwa iwo, 18 anali osewera mpira. Dziko lonse linalira maliro akulu.

Kalusha Bwalya, mtsogoleri wa anyamatawo, anapulumuka cifukwa sanakwere nao ndegeyo. Iye anali ku Holland. Anyamata ena anasonkhanitsidwa, nafika naye pa mpira wotsiriza wa Cikho ca Afrika m'caka ca 1994, koma Nigeria inawagonjetsa ndi zigoli 2 kwa 1.

M'caka ca 2012 mpikisano wa cikhoco unacitikira ku Gabon ndi ku Equatorial Guinea. Anthu ambiri sanaiwerengere Zambia, pakuti osewera ake sanali omveka kunja kwa Afrika. Koma mphunzitsi wao, Hervé Renard wa ku France, anawazoloweza kuthandizana, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Motero anagonjetsa Senegal, Sudan ndi Ghana, natsala ndi mpira umodzi wokha. Mpirawo unali wa ku Libreville komwe kuja.

Tsiku lisanafike, anyamatawo anapita kugombe la nyanja pamodzi ndi Kalusha, naikapo maluwa kukumbukira akufa aja.

Pa 12 February anakomana ndi Côte d'Ivoire, gulu lochedwa Njobvu, lokhala ndi akatswiri omveka pa dziko lonse monga Didier Drogba ndi Yaya Touré. Mumpikisano wonsewo panalibe amene anali atawamwetsa cigoli. Mpira uli m'kati, Drogba anapatsidwa penate, koma anaumenya pamwamba pa golo. Nthawi inatha popanda cigoli, ndipo anayamba kupikisana pa mapenate. Atamenya kasanu mbali iliyonse anali olinganabe. Potsiriza Stoppila Sunzu anamwetsa, ndipo Zambia inapambana ndi 8 kwa 7. Christopher Katongo ananyamula cikho, coyamba m'mbiri ya dzikolo, pafupi ndi nyanja imene inameza akulu ao.

Anthu a ku Zambia amacha anyamata ao a mpira Chipolopolo. Dzinalo linayenera pa tsikulo, pakuti cipolopolo ndi kanthu kakang'ono, koma cimagwetsa njobvu.