Firiji yoona mkati ndi nkhokwe ya ku Bwanje

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikambe za firiji. Mu 2000 kampani ya LG inatulutsa firiji yolumikizidwa ku intaneti. Mu 2016 Samsung nayo inabwera ndi Family Hub, yokhala ndi makamera mkati, moti muli pamsika mutha kuona pafoni ngati mazira atsala. Kodi zimenezi nzothandizadi kudziwa chakudya chimene chili pakhomo? Yankho tikalifune ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, poti kuwerenga chakudya sikunayambe ndi magetsi.

Kale pakhomo pankaima nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi, yofoleredwa ndi udzu, chimanga chili ndi makoko ake. Mayi akamatapa ankaona pamene chafika, n'kudziwiratu ngati chiwafikitsa mu February kapena ayi. Chikamatsika msanga, nsima ya masana inkasanduka phala, bambo n'kuyamba kusaka ganyu. Ndiwo nazo zinali ndi kawerengedwe kake: zikwatu za mfutso zolendewera kudenga. Ndipo nkhokwe inali poyera. Malume akangodutsa ankadziwa kuti kwa mlongo wawo chaka chino zavuta.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Nankafumbwe wamkulu uja, wochokera ku Central America, amene anayamba kuonekera ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, analowa m'dziko muno. Ameneyu saopa makoko, amaboola ndi mitengo yomwe. Akuba nawo anachuluka. Anthu anayamba kutonola chimanga, kuthira Actellic, n'kulonga m'matumba a makilogalamu 50 kuchipinda. Pambuyo pake kunabwera matumba a PICS, opangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University, amene amapha tizilombo potseka mpweya. Kuwerenga kunaphweka, eti: matumba khumi ndi khumi basi. Koma njala inalowa kuchipinda, malume osaionanso.

Dziko nalo linaphunzira movutikira. Mu 2000 ndi 2001 chimanga chosungidwa ndi National Food Reserve Agency chinagulitsidwa, zokolola za 2001 n'kuchepa. Pofika February 2002, pamene pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu anali akufa kale. Nkhokwe za ku Kanengo zinaima chiimire, koma mkati munalibe chodyetsa mtundu.

Tsono firiji ija tiiyese ndi muyeso umenewu. Imaona mkaka, mazira ndi soseji, chakudya cha masiku ochepa. Kwa banja la m'tauni lopeza bwino ingathandize kuti zinthu zisaole zitaiwalika. Koma kamera siona zili m'poto wovundikira, siona ufa, siona matumba ali kuchipinda, ndipo magetsi akathima nayo yagona. Kumidzi ngati ku Bwanje, kumene nyumba zambiri zilibe ndi magetsi omwe, funso silinakhalepo lakuti "mufirijimu muli chiyani?" Funso ndi lakuti "chimangachi chitifikitsa mwezi uti?"

Limenelo nkhokwe inkayankha, ndipo inkayankha pamaso pa mudzi wonse. Inu lero lowani kuchipinda, werengani matumba, muone thumba limodzi limatha masiku angati. Mukapeza mwezi wake, imbirani foni akumudzi muwafunse wawo.