Shuga ndi Kuthamanga kwa Magazi mwa Amayi Oyembekezera ku Chitala

Mwana amatchedwa wobadwa masiku asanakwane ngati wabadwa mimba isanafike masabata 37. Lipoti la Born Too Soon, lomwe linatuluka mu 2012, linaika Malawi patsogolo pa maiko onse: ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa chotero.

Zina mwa zoyambitsa zimabisala m'magazi a mayi. Mimba ikamakula, nsengwa imatulutsa timadzi tofooketsa mphamvu ya insulin, ndipo mwa amayi ena shuga amakwera mwakachetechete. Nthawi yabwino yoyezetsa ndi pakati pa masabata 24 ndi 28. Shuga akapitirira, mwana amakula mopyola muyeso, madzi amachuluka m'chiberekero, matenda amatha kuyamba msanga. Kuthamanga kwa magazi nako kumakonda kutsagana naye, ndipo kukafika poipa madokotala amachiritsa mayi masiku asanakwane kuti apulumutse miyoyo iwiri.

Ku Chitala, m'chigwa chotentha cha Salima, malungo ndi kuchepa kwa magazi zimaonjezera moto. N'chifukwa chake kusikelo mayi amalandira neti, Fansidar ndi mapiritsi oonjezera magazi. Komatu kutupa ambiri amakutenga ngati chizolowezi cha mimba, ndipo m'pomwe timataya nthawi. Nkhope yotupa pamene wangodzuka, mphete yokana kuvuka pachala, mutu wosamva mankhwala, kuona mwachimbuuzi: zimenezi zingakhale zizindikiro za kuthamanga kwa magazi, ndipo n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Zikavuta mayi amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Salima, mwinanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Khanda likabadwa laling'ono amaliika pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu, n'kulimanga ndi chitenje. Njirayi, ya kangaroo, inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia.