Tizilombo ta manambala ndi makina a salaula

Mu 1953, caka cimene azungu anamanga Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, katswiri wina wa masamu dzina lake Nils Aall Barricelli anafika ku Princeton, ku America, kudzapempha mpata pa kompyuta. Kompyutayo inali ya gulu la John von Neumann, ndipo inali ndi eni ake kale: owerengera za mabomba ndi owerengera za nyengo. Barricelli ankagwira nchito yake usiku, ena atapita kukagona. Makina onsewo ankasunga zinthu zokwana makilobaiti 5 cabe. Cithunzi cimodzi comwe mumatumizirana pa WhatsApp sicikanalowamo.

Iye ankafuna kuona ngati manambala angacite zimene zamoyo zimacita. Anakonza mzere wa tizipinda 512, n'kumwazamo manambala mwacisawawa, n'kuwapatsa malamulo a kadzibalidwe ndi a zocitika awiri akagundana m'cipinda cimodzi. Patapita mibadwo, panaoneka magulu a manambala oberekana pamodzi, ndi ena ongodyera pa misana ya anzao ngati nsabwe. Anthu ambiri a nthawi yake sanasamale nazo. Koma pamenepo ndi pamene panayambira maphunziro amene lero amachedwa artificial life, moyo wopanga m'kompyuta. Ndipo mukailondola mbiri yake mupeza kuti nthawi zambiri yakulira pa zotsala: maola a usiku, makina ochipa, makina otaidwa. Wa mu komboni amazidziwa bwino zotsala ndi zimene munthu angapange nazo.

Maganizo ake si acilendo kwa aliyense amene anaona ambuye ake kumudzi akusankha mbewu. Cimanga cimabala cimanga, koma zisononkho sizifanana. Ambuye amasankha zonenepa, n'kuzipacika pa utsi, n'kudzabzala mvula ikagwa. Citani zimenezo zaka zambiri, mbewu ya pa munda wanu idzasiyana ndi ya pa munda wa mnzanu. Kubala, kusiyana, kusankhidwa: paliponse pamene pali zitatuzi, mtundu umasintha. Ofufuza anangofunsa kuti, bwanji tiike zitatuzi m'kompyuta, mmene mbadwo umodzi sutenga caka koma kamphindi?

Mu 1970 John Conway wa ku Cambridge anatulutsa masewera ake a Game of Life, amene poyamba ankawayesa ndi manja, kusuntha timiyala pa bolodi ngati osewera nsolo. Kamwala kokhala ndi anansi 2 kapena 3 kamakhala moyo, kena konse kamafa. Malo opanda kanthu ozingidwa ndi timiyala 3 amabala katsopano. Malamulo ndi omwewo, koma pamatuluka tinthu toyenda tokha pa bolodi. Ndi zosangalatsa kuyang'ana, ndipo mukhoza kuziyesa pa foni. Koma tinthu ta Conway sitipikisana, sitisankhidwa.

Amene anabweretsa mpikisano weniweni ndi Tom Ray, yemwe sanali munthu wa makompyuta ai. Anali katswiri wa zomera, anatha zaka m'nkhalango za ku Costa Rica, ndipo ankaphunzitsa pa University of Delaware. Cinamuvuta n'cakuti kusintha kwa zamoyo m'nkhalango kumayenda pang'onopang'ono moti munthu amafa asanakuone. Motero analemba pulogalamu yochedwa Tierra, dziko laling'ono la m'kompyuta, n'kuikamo kacilombo kamodzi. Kacilomboko kanali kapulogalamu ka malamulo 80, kodziwa cinthu cimodzi: kudzilembanso pamalo ena. Anaikamonso zolakwika za apo ndi apo pa kalembedweko, ndi wokolola wocotsa tokalamba ndi tolephera malo akadzaza. Cakudya cinali nthawi ya purosesa.

Anakamasula mu Januwale 1990. Posacedwa panabadwa kena ka malamulo 79, ndipo cifukwa cakuti kanali kafupi kankabala msanga. Kenaka panabwera codabwitsa: tizilombo ta malamulo 45 tokha. Timeneti tinalibe gawo lodzilembera. Tinkabwereka la mnansi, monga munthu amene sagula malasha koma tsiku lililonse amadzaika poto wake pa mbaula ya eni nyumba. Tikaculuka kwambiri, eni mbaula ankatha, ndipo tokhato tinkayamba kufa. Kenaka eni mbaula ena anasintha, osabwerekekanso. Kenaka panabuka ena obera obawo. Ray sanalembe ciliconse ca zimenezi. Analemba kholo limodzi ndi malamulo a dziko, zinazo zinadzibweretsa zokha.

Apa ndi pamene nkhani ya makina ambiri imalowera. Mukayendetsa Tierra kamodzi n'kuona akuba akubadwa, simungadziwe ngati ndi mwai cabe kapena ndi mmene zimakhalira nthawi zonse. Muyenera kubwereza ka 50, ka 100, kusintha kanthu kamodzi n'kubwerezanso. Pa kompyuta imodzi mukhoza kumera imvi. Koma maulendo amenewa sadalirana, motero mukakhala ndi makompyuta 50, iliyonse imatenga dziko lake, onse n'kumaliza pamodzi, ngati anthu olima dima.

Vuto linali mtengo. Makompyuta amphamvu a nthawi imeneyo ankagulidwa ndi mamiliyoni a madola, ndipo mwana wa sukulu sankawakhudza wamba. Mu 1994, Thomas Sterling ndi Donald Becker, ogwira nchito ku NASA, anatenga makompyuta wamba 16, a mtundu umene munthu aliyense akanagula m'sitolo, anawalumikiza ndi nthambo, n'kuikamo Linux, pulogalamu yaulere. Anaucha Beowulf. Ndalama zake sizinafike madola 50,000. Umenewu ndiwo amati cluster: mulu wa makompyuta ogawana nchito imodzi, ina ikhale kapitao wogawa, zinazo zikhale anchito. Ku Oak Ridge, mu 1997, Forrest Hoffman ndi William Hargrove anasowa ngakhale ndalama zocepazo, ndiye anayamba kutola makompyuta amene maofesi ankataya, mpaka anapitirira 100. Ikafa imodzi, ankaicotsa ziwalo kukaika mwa inzake. Aliyense amene anaimapo pa kantemba ka okonza mafoni mu Katondo Street aidziwa nchito imeneyi.

Ana a sukulu ndiwo anapindula. Pulogalamu yochedwa Avida, mdzukulu wa Tierra, inayamba mu 1993 ku Caltech, ndipo awiri mwa atatu amene anailemba, Charles Ofria ndi Titus Brown, anali asanatenge ngakhale digiri yoyamba; wacitatu anali Chris Adami. Pambuyo pake nchitoyi inasamukira ku Michigan State University, kumene mtolankhani Carl Zimmer analemba mu 2005 za makompyuta 200 m'cipinda ca pansi, onse akuweta tizilombo ta manambala. Mu 2003 Richard Lenski, Ofria, Robert Pennock ndi Adami anafalitsa mu magazini ya Nature zimene anapeza. Anafunsa ngati tizilomboti tingaphunzire tokha samu yovuta. Pamene ankatipatsa mphotho pa masamu ang'onoang'ono a panjira, magulu 23 mwa 50 anafika pa samu yovutayo, lililonse podzera njira yake. Pamene mphotho inali pa samu yovuta yokha, mwa magulu 50 palibe ndi limodzi lomwe linafika. Aphunzitsi a masamu a giredi 9 akadawerengako pepala limeneli. Koma onani kuti yankho lili mu "23 mwa 50", ndipo simungalipeze popanda kuyendetsa maiko 50.

Tsopano tibwerere kuno. Caka comwe Beowulf anabadwa, ku Lusaka kunkacitika cina cofanana naco mtima. UNZA, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo mpanda wake uli pafupi ndi Kalingalinga, inali ndi Computer Centre yotsogoleredwa ndi Mark Bennett. Kuyambira mu 1991 anthu a kumeneko ankatumiza ndi kulandira ma email pa lamya wamba, kudzera pa FidoNet, polumikizana ndi Rhodes University ku Grahamstown. Makalata ankaunjikidwa, lamya ikalira onse n'kudutsa pamodzi, ngati minibasi ya ku Mtendere yodikira kudzaza. Mu Novembala 1994, kampani ya ZAMNET, yobadwira pa yunivesiteyo, inalumikiza Zambia ku intaneti yonse kudzera pa nthambo yopita ku Cape Town. Zambia inakhala dziko lacisanu mu Africa kucita zimenezi, ndipo kum'mwera kwa Sahara inatsatira South Africa yokha. Inali nthawi ya mavuto, makampani aboma akugulitsidwa, makolo athu akucotsedwa nchito, koma kagulu kocepa ka pa sukulu kanatsegula khomo ndi zida zocepa.

Makina akuluakulu owerengera anacedwa kubwera, ndipo anadzera njira imene tiidziwa. Ku Texas kunali kompyuta yaikulu yochedwa Ranger, imene inayamba nchito mu 2008 ili ndi mitima yowerengera 62,976, imodzi mwa zamphamvu kwambiri padziko. Mu 2013 eni ake anaipumitsa. M'malo moiphwanya, mbali zake zina anazitumiza pa sitima ya pamadzi ku CHPC, likulu la makompyuta amphamvu la South Africa ku Cape Town. Kumeneko anaigawa m'tizigawo, n'kuyamba kutumiza makina akale otere ku mayunivesite ndi ku maiko ogwirizana nao pa nchito ya SKA yoyang'ana zakuthambo: Botswana, Namibia, Mozambique, Madagascar, Mauritius, Kenya, Ghana ndi Zambia. Kwathu analandira ndi ZAMREN, bungwe lolumikiza mayunivesite limene linayambitsidwa ndi UNZA, Copperbelt University ndi Mulungushi University. Wophunzira safunika kuwaona makinawo ndi maso. Amalowamo ali kutali, amasiya nchito yake pa mzere, mawa n'kudzatenga yankho.

Ena amanyinyirika kuti ici ndi salaula cabe, belo la ku Soweto Market lokhala ndi mafani. Sakunama. Makina akale amadya magetsi ambiri pa samu iliyonse, amatentha, ndipo ciwalo cikafa colowa m'malo cimavuta kupeza. Dziko lodalira salaula liyenera kudzifunsa kumene Mulungushi Textiles inapita. Komabe ine ndili ku mbali ya olandira. Jekete la salaula silikuphunzitsa kusoka, koma cluster ya salaula imakukakamiza kuimanga, kuikonza, kuidyetsa Linux ndi manja ako. Ana a mayunivesite a ku South Africa, ophunzitsidwa ndi CHPC, anapambana mpikisano wa dziko lonse womanga cluster ku Germany mu 2013, 2014, 2016 ndi 2019, kugonjetsa magulu a ku China ndi America. Anali a digiri yoyamba, amsinkhu wanu.

Mwina mukufunsa kuti tizilombo ta manambala tili ndi nchito yanji ku Kanyama kapena ku Chawama, kumene madzi a mvula amalowa m'nyumba. Funsani amai anu za chloroquine. Kale ankaciza malungo, kenaka analeka, cifukwa tizilombo tocepa tokana mankhwala tinkatsala n'kubala, tinato tikufa. Ndi kusankha kwa ambuye kuja, koma wosankha ndi piritsi. Malawi anasiya chloroquine mu 1993, Zambia inatembenukira ku Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndipo cinacitika ku Malawi n'cofanana ndi za mu Tierra: mankhwala atacotsedwa, tizilombo tokana tija tinayamba kugonja kwa tinzake, cifukwa kukanako kuli ndi mtengo wake. Pofika 2006, ofufuza amene anayesa ana ku Ndirande, komboni ya ku Blantyre, analemba kuti chloroquine anacizanso ana 99 mwa 100 alionse. Kodi mankhwala awiri osinthanitsa amacedwetsa kukana kuposa amodzi? Nanga anthu akamasiya mapiritsi pa tsiku laciwiri atamva bwino, kukanako kumathamanga motani? Simungayese zimenezi pa ana a anthu ka 50. Pa cluster mungathe, ndipo funso lomweli likhudza udzudzu wokana mankhwala a m'maneti ndi mbozi zimene zinalowa m'minda ya cimanga kumapeto kwa 2016.

Avida ndi yaulere, Linux ndi yaulere, ndipo makompyuta 4 akale a mu labu ya pa koleji, nthambo ndi switch imodzi, ndi Beowulf kale. Cosowa ceniceni ndi malaiti. Mu 2024, cilala citaphwetsa Kariba ndipo boma litalengeza za tsoka la dziko mu Febuluwale, makomboni ankakhala mu mdima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Dziko la tizilombo lofuna masiku 3 osazima silingapirire zimenezo. Magetsi akathima, mibadwo yonse imafafanizika. Oyendetsa ma cluster ali ndi njira yake yochedwa checkpoint: pakapita mphindi zingapo, makina amalemba dziko lonse pa disiki, kacilombo kalikonse ndi pamene kaima, kuti malaiti akabwera pakati pa usiku nchito iyambire pomwe inalekera. Wophunzira wa ku Matero kapena ku George wofuna kulowa m'maphunziro awa ayambe waphunzira cimeneci asanalembe kacilombo kake koyamba.