Mudzatopa, galu wa agogo

Agogo anga aamuna anali ndi agalu asanu ndi mmodzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamugula ndi ndalama. Kwathu, kumidzi ya kumunsi kwa nkhalango ya Dzalanyama, ukamva kuti galu wa auje waswa, unkapita ndi nkhuku kukhwapa, kapena kungopempha pakamwa, eni ake n'kukuuza kuti udikire tiana tipenye kaye ndi kusiya bere. Agogo ankasankha okha. Ankakwawira pansi pa nkhokwe pomwe make waswera, n'kumanyamula tiana kamodzikamodzi pachikopa chapakhosi. Kolira ankakabweza. Kongoti lende, kali chete, maso ali pa iwo, ankati, "Aka ndi kanga."

Umu ndi momwe Mudzatopa anabwerera pakhomo pathu. Anali wofiirira ngati dothi la katondo, wowonda m'chiuno, wamchira wopindikira kumsana, makutu ali njo. Dzinalo anamutcha ndi agogo aakazi, ndipo linali ndi mwini wake. Kuseri kwa nyumba yathu kunali mayi wina wokonda miseche, ndiye akamadutsa popita kuchitsime agogo ankaimika musi mumtondo n'kuitana mokweza, "Mudzatopa! Mudzatopa iwe, bwera kuno!" Galuyo ankabwera akugwedeza mchira, mayi uja n'kupitirira nkhope ili gwaa. Mlandu panalibe. Munthu sangapite kwa mfumu kukadandaula kuti mnzake waitana galu wake.

Ife a kuno nkhani ya galu timaiyambira kutali. Paphiri la Kaphirintiwa, m'nkhalango yomweyi ya Dzalanyama, ndi pomwe makolo ankati Chauta anatsikira ndi mvula, ali ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, n'kumakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka timitengo tiwiri mpaka moto unabuka, tchire n'kuyaka. Nyama zinathawira kutali zili ndi mkwiyo. Galu, mbuzi ndi ng'ombe ndi zomwe zinathamangira kwa munthu yemwe anayatsa motoyo kukabisala. Agogo akafika pamenepa ankaloza Mudzatopa ali khale pafupi ndi mafuwa n'kunena kuti, "Mwaona? Chichokereni pamoto paja sanachokepo."

Nditakula ndinamva zomwe amanena anthu ofukula zakale. Iwo amati galu si mbadwa ya muno mu Africa. Makolo ake ndi mimbulu ya kumaiko ozizira, osati mimbulu yathu yamawangamawanga ija. Analowera cha ku Egypt zaka zikwi zingapo zapitazo, n'kumatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi anthu olima, oweta ndi osula zitsulo. Ku South Africa, kufupi ndi malire a Botswana, anapezako mafupa a galu a m'zaka za m'ma 570. Agalu athu achikudawa, omwe anthu am'tauni amawanyoza kuti "alokolo", kumeneko anawapatsa dzina loti Africanis, ndipo mu 1998 anthu anakhazikitsa bungwe lowateteza kuti mtundu wawo usasokonezeke. Ndinaseka nditamva. Galu amene ife timamuponya mwala, ena akumulembera mabuku.

Chimene chinkamupatsa galu ulemu m'mudzi chinali uzimba. Ukafika mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, chimanga chili m'nkhokwe, udzu wauma, mwini tchire ankatumiza uthenga m'midzi yoyandikana kuti tsiku lakuti tikatentha dambo lakuti. Usiku wake amuna ankagona padera, osayandikira akazi awo, poopa kuti uzimba ungalephereke kapena wina angavulale. Mbandakucha lipenga linkalira. Amuna ankatuluka ndi mikondo, zibonga, mauta ndi mivi, anyamata tili pambuyo ndi malegeni, agalu akulumphalumpha. Ena ankayatsa moto mbali imodzi, ena n'kuima ndandanda kutsogolo komwe nyama zithawire. Mu nthawi yanga zinkatuluka ndi akalulu, ntchenzi, agwape, mwa apo ndi apo insa kapena nguluwe. Agogo ankati ali mnyamata kunkatuluka mbawala ndi mphalapala.

Malamulo a kagawidwe anali odziwika kwa aliyense. Woyamba kulasa ndiye mwini nyama, wotsiriza ankalandira mwendo, ndipo mwini tchire ankapatsidwa gawo lake. Galu akagwira yekha, nyamayo inali ya mwini galu. Apa ndi pomwe pankabukira mikangano, chifukwa agalu asanu akaunjikana pa gwape mmodzi, aliyense ankalumbira kuti wake ndiye anayamba kuluma. Ndinaonapo amuna akuluakulu, zidzukulu ali nazo, akutsegula kukamwa kwa agalu kufuna kuona amene ali ndi ubweya m'mano.

Maphunziro a galu ankayamba ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo aphunzitsi oyamba tinali ife ana. Tinkapita naye kokumba mbewa. Kumeneko ankaphunzira kununkhiza una, kusiyanitsa una wokhala ndi mbewa ndi una wakale, ndi kudikira pambuli pomwe mbewa ithawire. Kenaka agogo ankamuphatika kwa agalu akuluakulu. Kagalu kakang'ono kamathamangira chilichonse chogwedezeka, ngakhale gulugufe, koma kakaona wamkulu waima, mphuno ili pansi, kamaphunzira kuti pamenepo pali kanthu. Mwambi uja woti galu wamkota sakandira pachabe unachokera kwa anthu amene anazionadi ndi maso kutchire.

Tsiku limene Mudzatopa anagwira kalulu wake woyamba ndilikumbukira bwino. Anamugwira m'mphepete mwa dimba, n'kugona pansi kuti ayambe kudya. Agogo sanathamange, sanakuwe. Anafika, n'kugwada, dzanja limodzi pakhosi pa galu, n'kunena motsitsa kuti, "Siya." Galuyo anang'ung'udza, koma anasiya. Pomwepo agogo anatumbula kaluluyo, n'kumupatsa matumbo ali ofunda, akumusisita pamutu ndi kumutchula dzina. Anachita chimodzimodzi kangapo konse. Pofika chaka chotsatira Mudzatopa ankati akagwira nyama n'kuima pomwepo, phazi lili pamwamba pake, kudikira gawo lake. Agogo sankamenya galu ndi ndodo. Ankati galu womenyedwa amaphunzira kuopa dzanja, ndipo kutchire amayang'ana mbuye wake m'malo moyang'ana nyama.

Si zonse za makolo zomwe ndingaziyamikire. Alenje ena ankasinja mavu n'kusakaniza m'chakudya cha galu kuti akhale wolusa. Ena ankamufwenthetsa tsabola m'mphuno kuti azimva fungo patali, ena ankamudula nsonga za makutu. Galu wakuba mazira ankamuika dzira lotentha m'kamwa. Sindinaonepo galu amene anasanduka mlenje chifukwa cha mavu. Amene ankagwira nyama ndi amene ankayenda ndi mbuye wake tsiku ndi tsiku, ali wokhuta.

Kukhutako kunali kwa phala la madeya, makoko a mumphika, mkute, mitu ya usipa ndi mafupa. Galu aliyense anali ndi phale lake kuseri kwa khitchini, ndipo agogo aakazi ankaimirira pomwepo ndi mthiko mpaka onse atamaliza, kuti wamphamvu asalande za mnzake. Chaka cha njala, chomwe timati kwagwa galu wakuda, oyamba kuonekera nthiti anali agalu, popeza madeya aja anthu tinkawadya tokha.

Ntchito yosamala thupi la galu inali yathu ana. Madzulo tinkamugoneka pamiyendo n'kumafufuza nkhupakupa m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala. Zokhuta magazi, zonga nyemba zotupa, tinkaziponya pamakala n'kumamvera zikuphulika. Nthata zikachuluka, agogo aakazi ankasinja masamba a ombwe, chitsamba chija asodzi ankaledzeretsa nacho nsomba, n'kuwaviika m'madzi usiku wonse, m'mawa kumusambitsa galu osafika m'maso. Nthawi yadzinja tiana ta galu tinkatuluka tizithupsa m'mimba ndi m'mapazi, pakati pali kabowo. Agogo ankafinya ndi zala zazikulu ziwiri, mphutsi yoyera n'kutuluka ikupiringizika, nkhuku zili pomwepo kudikirira. Kamwana kamodzi anakachotsa mphutsi zoposa khumi, kakulira ngati khanda, koma pofika mawa lake kanali kakusewera. Galu akalasidwa ndi nungu, agogo aamuna ankazula minga ndi manja, n'kutsuka mabala ndi madzi ofunda amchere. Ndipo tsiku lopita ndi ng'ombe kudibi, agalu nawo tinkawaponyamo, n'kutuluka akudzikutumula, akununkha mankhwala sabata yathunthu.

Uzimba sunathe tsiku limodzi. Atsamunda anayamba kuika malamulo a nyama zakutchire kale mu 1897, ndipo mu 1922 Dzalanyama anaisandutsa nkhalango ya boma. Munthu wakuda wosaka ndi agalu ndi maukonde anasanduka wakuba, pomwe mzungu wamfuti ndi chiphaso ankatchedwa katswiri. Kunja kwa nkhalango nako tchire linkachepa. Anthu anachuluka, fodya anafuna minda ndi nkhuni, likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975 makala anayamba kuyenda panjinga usiku ndi usana. Madambo omwe tinkatentha lero ndi madimba a tomato ndi kabichi.

Maina a agalu nawo anasintha. Amuna obwera ku Joni ndi ku Salisbury anadza ndi a Tiger, a Danger, a Bingo, a Spoti, komanso liwu lija lothamangitsira galu, "fotseki", lomwe analitola kwa Mabunu kumigodi. Maina oyankhula ngati Mudzatopa anayamba kuoneka achimidzi.

Mudzatopa sanafe ndi nguluwe kapena njoka. Chaka china mwana wa m'mudzi woyandikana nafe analumidwa ndi galu wosadziwika. Makolo anachita zomwe aliyense ankachita: anawotcha ubweya wa galu n'kupaka phulusa pabala. Bala linapola. Patapita milungu ingapo mwana anayamba kuopa madzi, dovu likutuluka, ndipo masiku owerengeka tinamva maliro. Posakhalitsa kunabwera chilengezo choti kwabuka chiwewe, agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Agalu athu chibadwire anali asanamangidwepo. Tinawamanga ndi luzi pamsanamira za nkhokwe, akulira usiku wonse. Tsiku lachitatu Mudzatopa anatafuna luzi lake n'kutsata agogo omwe anali atapita kudimba. Anakumana ndi galimoto ya anthu amfuti panjira. Ine ndinamva kulira kwa mfuti ndili pasukulu, osadziwa kuti ndi wathu. Agogo anamunyamula okha, n'kukamukwirira pansi pa mtengo wa muwanga. Sanatukwane munthu, chifukwa kumaliro a mwana uja nawo anali komweko. Koma uzimba wa chaka chimenecho sanapite.

Chomvetsa chisoni n'chakuti katemera anali alipo kale padziko. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe ku France mu 1885. Kuno kwathu akuluakulu amakumbukira jakisoni wapamchombo wobayidwa masiku ambiri motsatizana, amene anthu ankamuopa mpaka kubisa bala. Lero amabaya pamkono kangapo chabe, ndipo chinthu choyamba ndi kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 aliwonse olumidwa ndi nyama zokayikitsa, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kuwombera agalu kokha sikuthetsa matendawa. Chimene chimagwira ntchito ndi kutemera agalu 70 mwa 100 aliwonse chaka ndi chaka. Mu 2015 a Mission Rabies anatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo pamizere ya katemerayo panali ana ambiri obwera ndi agalu, monga momwe ife tinkachitira popita kudibi. Ku Lilongwe kuli a LSPCA, omwe anayamba mu 2008, ndipo amatemera ndi kutseka agalu kuti asamaswe mosalekeza.

Ndikakhala m'tauni muno ndimaona galu ali ndi ntchito ina, yaulonda. M'misewu anyamata amakweza tiana ta galu m'mwamba padzuwa, akulumbira kuti ndi German Shepherd weniweni. Wogula akafika nako kunyumba amakatsekera m'bokosi lamatabwa lofolera ndi malata, usana wonse mumdima, ati kuti kasazolowere anthu. Oyandikana nane ena ali naye wotero. Ndakhala ndikumumva kulira zaka zitatu, koma nkhope yake sindinaionepo, ndipo ana a m'nyumbamo amamuopa kuposa momwe akuba angamuopere. Mphere zikamugwira amamupaka oilo wakuda wagalimoto, amene amawotcha khungu ndipo galu akanyambita amadwala. Mavu aja ndinkawanyoza, koma bokosi ili laposa.

Wanga ndi walokolo, wofiirira, ndinamutenga kumudzi posinthanitsa ndi tambala. Sanaonepo kalulu, koma ndimayenda naye m'mawa uliwonse, ndipo mawu oti "siya" anawaphunzira pa fupa la ng'ombe, dzanja langa lili pakhosi pake. Nkhupakupa amamuchotsa ndi zidzukulu zanga Loweruka. Kapepala kake ka katemera kali m'kabati pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Mukadzamva chimkuzamawu chikulengeza kuti Loweruka kuli katemera wa agalu pasukulu ya kwanuko, mumasuleni wanuyo m'bokosimo, mumumange chingwe chabwino, mupite naye. Pa makampeni amenewa salipiritsa.