Kodi nthawi ya m'kompyuta imachokera kuti?

Mafunso a sabata ino onse achokera ku Mzuzu, ndipo onse ndi okhudza nthawi: anaikhazikitsa ndani, amaisunga kuti, nanga imalowa bwanji m'makina athu.

FUNSO: Anagamula ndani kuti dziko lililonse likhale ndi nthawi yake? Ndikapita kukaoda katundu ku Kyela, ndikangowoloka Songwe amati ndiwonjezere ola limodzi, chonsecho dzuwa ndi lomwelo. (Mayi wabizinesi, Chibavi)

YANKHO: Mwaona bwino, mayi. Dzuwa silidumpha ola pamlatho wa Songwe. Chimene chimasintha pamenepo ndi pangano la anthu. Kale dera lililonse linkayang'ana dzuwa: likafika paliwombo, ndiye kuti tsiku lafika pakati. Zinayamba kuvuta sitima zapamtunda zitabwera. Ku Britain, nthawi ya mumzinda wa Bristol inkatsalira ndi mphindi 10 poyerekeza ndi ya ku London, ndipo kukonza ndandanda ya maulendo inali ntchito yodwalitsa mutu. M'chaka cha 1840 kampani ya Great Western Railway inayamba kuyendera nthawi ya ku London m'masiteshoni ake. Mu 1884 nthumwi za mayiko zinakumana ku Washington n'kugwirizana kuti poyambira kuwerenga pakhale Greenwich.

Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse. Ife, pamodzi ndi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, tili patsogolo ndi maola awiri, yomwe ndi nthawi ya dzuwa pa madigiri 30 kuvuma kwa Greenwich. Tanzania ili patsogolo ndi maola atatu. Mzuzu ili cha pa madigiri 34, ndipo digiri iliyonse ndi mphindi zinayi. Izi zikutanthauza kuti kwanuko dzuwa limatsogolera wotchi ndi mphindi pafupifupi 16. N'chifukwa chake ku Mzuzu kumacha msanga kuposa ku Lusaka ngakhale mawotchi akunena chimodzimodzi.

FUNSO: Ana anandifunsa m'kalasi kuti wotchi yaikulu imene mawotchi onse amatengerako ili kuti. Ndiwayankhe chiyani? (Mphunzitsi, Katoto)

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni kuti wotchi imodzi yotere kulibe. Mu 1955 Louis Essen ndi mnzake Jack Parry anapanga wotchi yoyendera maatomu a caesium ku National Physical Laboratory ku Britain. Inali yolondola kwambiri moti mu 1967 mayiko anasiya kuyeza sekondi ndi zakuthambo, n'kugamula kuti sekondi imodzi ndi nthawi imene mafunde ogwirizana ndi atomu ya caesium amanjenjemera ka 9,192,631,770. Lero mawotchi otere alipo mazanamazana m'mayiko osiyanasiyana. Bungwe la BIPM ku Sèvres, pafupi ndi Paris, limasonkhanitsa zimene mawotchiwa akunena n'kuwerengera nthawi imodzi yotchedwa UTC.

Vuto n'lakuti dziko lenilenilo silizungulira mwa liwiro lofanana nthawi zonse. Pofuna kuti UTC isatalikirane ndi dzuwa, kuyambira 1972 akhala akuwonjezera sekondi imodzi pakafunika, ndipo achita zimenezi ka 27, komaliza pa 31 Disembala 2016. Sekondi yapaderayi yakhala ikusokoneza makompyuta, choncho mu 2022 mayiko anagwirizana kuti mchitidwewu uthe pofika 2035. Masetilaiti a GPS nawonso amanyamula mawotchi a maatomu, ndipo kudzera mwa iwo nthawi yolondola imafika kulikonse, ngakhale pamwamba pa Viphya.

FUNSO: Ndikukonzekera mayeso a satifiketi ya RHCSA, ndipo china mwa zofunsidwa ndi kulumikiza seva ndi gwero la nthawi. Seva ili ndi wotchi yake kale, ndiye vuto lili pati? Ndipo zimenezi anayambitsa ndani? (Wophunzira zamakompyuta, Luwinga)

YANKHO: Achimwene, wotchi ilimodi, koma ndi yosadalirika. Imayendera kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kutentha kapena kuzizira kumasintha liwiro lake pang'ono. Tsiku limodzi kusiyanako sikuoneka, koma pakatha miyezi kumafika mphindi. Kabatire kozungulira kamene kamaiyendetsa makina akazimitsidwa kakatha mphamvu, magetsi akangobweranso seva imadzuka ili m'chaka china.

Pa kompyuta ya kunyumba zimenezi n'zongokwiyitsa, koma pa seva n'zowononga ntchito. Njira yolowera ya Kerberos imakana munthu ngati mawotchi awiri asiyana kupitirira mphindi zisanu. Satifiketi yachitetezo ya webusaiti ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo makina osokera tsiku amaikana ngakhale ili yabwinobwino. Ganiziraninso za ndalama za pafoni monga Mpamba ndi Airtel Money: pakabuka mkangano, umboni ndi kaundula wosonyeza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Maseva awiri akasemphana mawotchi, kaundulayo akhoza kusonyeza ndalama zikulandiridwa zisanatumizidwe.

Amene anathana ndi vutoli ndi David L. Mills, yemwe anaphunzitsa kwa zaka zambiri ku University of Delaware ku America ndipo anamwalira mu Januwale 2024. Mu 1985 anasindikiza ndondomeko ya Network Time Protocol, mwachidule NTP, m'chikalata cha RFC 958. Mtundu wachinayi, womwe tikugwiritsa ntchito lero, unatuluka mu 2010 m'chikalata cha RFC 5905.

Nzeru yake yagona pa kuwerengera nthawi yotayika panjira. Mukatuma mwana kwa aneba kukafunsa nthawi, iye n'kutha mphindi 10 kupita ndi kubwera, mumadziwa kuti yankho lake lakalamba ndi mphindi zisanu, ndiye mumaziwonjezera. NTP imalemba nthawi zinayi: pamene funso lanyamuka, pamene lafika, pamene yankho lanyamuka ndi pamene lafika. Kuchokera pamenepo imapeza kutalika kwa ulendo ndi kukula kwa cholakwa cha wotchi yanu. Ikakhala ndi magwero angapo imawayerekeza n'kutaya lomwe likutsutsana ndi anzake.

Magwerowa ali m'magulu otchedwa stratum. Wotchi ya maatomu kapena chipangizo cha GPS ndi stratum 0. Seva yolumikizidwa nacho mwachindunji ndi stratum 1, yotengera kwa iyo ndi stratum 2, mpaka 15. Nambala 16 imatanthauza kuti makinawo sanalumikizane ndi aliyense. Kuyambira 2003 pali gulu la maseva ongodzipereka la pool.ntp.org, ndipo kuno tingagwiritse ntchito africa.pool.ntp.org.

Mayeso anuwo ndi ochita pamakina, osati osankha yankho papepala. Pa Red Hat Enterprise Linux ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya chrony. Tsegulani fayilo ya /etc/chrony.conf, ikani chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wa pool umene mwaupeza, kenako lembani mzere watsopano: server, dzina la seva limene akupatsani, ndi iburst kumapeto. Mawu omalizawa amachititsa kuti makina atumize mafunso angapo motsatizana poyamba, kuti asachedwe kupeza nthawi. Mukasunga fayilo lembani systemctl restart chronyd, kenako systemctl enable chronyd kuti ntchitoyi iziyamba yokha makina akayatsidwanso. Musadumphe gawo limeneli, chifukwa chimene sichikhalitsa makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso chimawerengedwa ngati simunachite.

Tsimikizani ndi chronyc sources. Mukaona ^* pafupi ndi dzina la seva, mwalumikizana. Ngati ^? sakuchoka pakapita kanthawi, onani kalembedwe ka dzinalo, komanso ngati firewall ya panjira sikutsekereza port 123 ya UDP. Musadabwe wotchi ikapanda kulumpha pompo. Kupatula poyambirira penipeni, chrony imafulumizitsa kapena kuchedwetsa wotchi pang'onopang'ono, kuopa kuti nthawi ingabwerere m'mbuyo m'kaundula.

Msampha wina ndi uwu: NTP imanyamula UTC yokha, siidziwa kuti muli ku Malawi. Seva ikatsalira ndi maola awiri enieni, musakonze wotchi pamanja. Lembani timedatectl set-timezone Africa/Blantyre, pokhapokha ngati funso latchula dera lina. Musanatuluke m'chipinda cha mayeso, yambitsaninso makinawo n'kulemba chronyc sources kachiwiri.